Mlimi wa mpingo wa Mennonite: khola, munda ndi banja

Alimi anzanga, amayi ndi abambo, kuno ku Chipata, ku Chadiza, Katete, Chipangali mpaka ku Lundazi, osaiwala abale athu kutsidya kwa malire ku Mchinji, ngati muli pamphasa mukusenda nshawa, musasiye, mungondibwereka khutu. Lero tikamba za mlimi wa mpingo wa Mennonite, ndi zimene ulimi wake ungatithandize m'minda yathu ino.

Ambiri dzinali mukulimva koyamba. Mpingowu unaphuka m'gulu la Akhristu lomwe linayamba mu 1525 mumzinda wa Zurich, ku Switzerland. Iwo ankati munthu abatizidwe atakula, atasankha yekha, ndipo ankakana kugwira zida za nkhondo. Dzina lawo linachokera kwa Menno Simons, wansembe wa ku Netherlands amene analowa gululi mu 1536. Olamulira anawazunza koopsa. Mmodzi mwa atsogoleri oyamba, Felix Manz, anamumiza mumtsinje wa Limmat mu 1527. Ambiri anathawira kumapiri ndi kumadera a Alsace ndi Palatinate, komwe ankalima minda yobwereka kwa eni chuma, kawirikawiri minda yoguga imene ena anaitaya.

Nkhani yathu yagona pamenepa. Munthu wolima munda wa eni, yemwe angathamangitsidwe chaka chilichonse, akanadziteteza bwanji? Anayenera kuudzutsa mundawo kuti uzibereka kuposa ya anzake. Feteleza wa m'matumba kunalibe. Choncho ng'ombe ankazidyetsera m'khola kuti ndowe isamwazike kutchire, ndipo m'minda ankasinthanitsa tirigu ndi clover, chomera cha m'banja la nyemba. Anatchuka nazo, moti eni minda ena ankachita kuwafunafuna. Kwa iwo imeneyi inalinso nkhani ya chikhulupiriro: nthaka mwini wake ndi Mulungu, mlimi anangosungitsidwa, ndipo tsiku lina adzafunsidwa mmene anaisiyira.

Tibwere kwathu tsopano. Pitani kukhola la ng'ombe m'midzi yambiri mwezi wa October. Ndowe yaunjikana, dzuwa laiwotcha mpaka yasanduka fumbi, mvula yoyamba ikagwa madzi akuda aja akuyenderera kupita kudambo. Madzi amenewo ndiwo chakudya cha chimanga chanu. Zimandiwawa mtima kuona mwini khola yemweyo atatopa pamzere kudikira feteleza wa boma wa FISP, chuma china chikutayika kuseri kwa nyumba yake.

Kasamalidwe kake sikofuna ndalama. Mukakolola, tengani mapesi ndi masangwi a nshawa, yalani m'khola kuti ziweto zizipondaponda. Zinyalalazi zimamwa mkodzo, ndipo mu mkodzomo muli mphamvu yambiri yobiriwitsa mbewu. Zikasakanikirana bwino, tapani, unjikani pamthunzi, thiranipo madzi pang'ono kuti pakhale chinyontho, kenaka phimbani ndi udzu. Pakapita masiku ochepa zikani ndodo pakati pa muluwo. Mukaizula ili yotentha, dziwani kuti zikupsa bwino, ndipo kutenthako kukupha njere zambiri za udzu. Muziutembenuza muluwo pakapita milungu ingapo. Manyowa akupsa amada bii, amafumbutuka m'manja, ndipo amanunkhira dothi la m'nkhalango. Musawamwaze pamtunda kuti dzuwa liwawotchenso. Thirani m'mapando, manja awiri pa phando, n'kukwirira mvula isanagwe. Amene mulibe ng'ombe, zitosi za nkhuku ndi ndowe ya mbuzi zimagwira ntchito yomweyo. Chonde, achinyamata osaka mbewa, moto wanu muusamale, chifukwa mapesi akapsa munda watsala wamaliseche.

Nanga clover uja timupeza kuti? Sitikumusowa. Tili ndi nshawa, soya, khobwe ndi nandolo. Nshawa ikayamba maluwa, zulani phata limodzi, sasani dothi, muyang'ane mizu. Muona timatuza ting'onoting'ono. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo: ngati m'kati muli mofiirira, tizilombo tabwino tili pantchito yotenga chakudya cha mbewu mumpweya. Gawani munda patatu kapena panayi, ndipo pamene panali nshawa chaka chino padzakhale chimanga chaka chamawa. Kasinthasintha wotereyu amathandizanso kuchepetsa kaufiti, yemwe amakonda munda wotopa wolimidwa chimanga chokhachokha. Za mbewu tili ndi mwayi, popeza malo ofufuzira zaulimi a Msekera ali pakhomo pathu pomwe, ndipo nshawa za MGV 4 ndi MGV 5 dzina lake linachokera kumeneko.

Mlimi wodzipereka wa mpingo wa Mennonite uja tsiku lake limayamba kusanache, kukama ng'ombe, kenaka banja lonse limakhala pamodzi kupemphera ndi kudya. Lamulungu salima, kupatula kudyetsa ndi kukama ziweto. Savala zodzionetsera, ndipo ndalama za zokolola zimabwerera kumunda ndi kwa ana. Apa abambo anzanga ndilankhule mosapsatira. Mayi amene anapalira nshawa msana uli pamtunda ayenera kudziwa kuti matumba anagulitsidwa zingati, ndipo mukhale pansi awiri kugawa: ya mbewu, ya sukulu, ya mankhwala. Ndalama ya soya yothera m'tauni sabata imodzi imasiya misozi pakhomo chaka chathunthu.

Sikuti zonse zawo ndimazivomereza. Magulu ena okhwimitsa mwambo, omwe mpaka lero amayenda pangolo za mahatchi ku Pennsylvania ndi Ontario, ana awo amalekeza sukulu pa giredi 8. Ife zimenezo ayi. Mwana aphunzire khasu, koma akafike kutali ndi sukulu, wamkazi ndi wamwamuna yemwe. Musaganizenso kuti ndi mpingo wa azungu okhaokha, chifukwa lero alipo ochuluka kuno ku Africa, makamaka ku Ethiopia ndi ku Congo. Muno mu Zambia abale awo a Brethren in Christ akhala ali ku Macha, kufupi ndi Choma, kuyambira 1906.

Chinthu chimodzi chimene ndimawasirira nacho kwambiri ndi ichi. Nyumba yosungira ziweto ndi zokolola ya mnzawo ikapsa, amuna a mumpingo amabwera ndi matabwa ndi nyundo, amayi amaphika, ndipo dzuwa likamalowa yatsopano yaimirira. Makolo athu ankazidziwa zimenezi, ndi dima lija lolimira thobwa, poti mutu umodzi susenza denga. Tingathenso kuliukitsa chaka chino. Mabanja anayi kapena asanu mugwirizane tsopano, mvula isanayambe: ngolo ya uje itute manyowa a onse, mapando mukumbe mosinthana, lero kwa awa, mawa kwa awo. Mwini munda akonze thobwa basi, pasakhale kulipirana. Pokonza ndondomekoyo, munda wa agogo kapena wa mayi wamasiye ukhale woyamba, kuti nawonso adzabzale ndi mvula yoyamba.