Tsiku la Pa Viza Ulidziwe, Mwana Wanga

Lero ndikufuna ndilankhule ndi ana athu amene ali pa sukulu ku South Africa, pamodzi ndi inu makolo amene mukuwalipirira fizi. Mundimvetse bwino.

Viza ya sukulu ija ili ndi malire ake. Inalembedwa dzina la sukulu imodzi, ndiye ukafuna kusintha sukulu uyenera kupempha kaye chilolezo china. Ganyu amakulola, koma osapitirira maola 20 pa sabata. Ilinso ndi tsiku lothera. Tsiku limenelo, ana anga, mulidziwe ngati tsiku lanu lobadwa.

Lamulo la Home Affairs likuti pempho loonjezera viza lilowe kutatsala masiku osachepera 60 kuti ithe. Mapepala amakaperekedwa ku VFS Global. Pamafunika kalata ya ku sukulu, umboni wa medical aid, umboni woti ndalama zokusamalira zilipo, ndi pasipoti yosatha. Zimenezi sizipezeka tsiku limodzi ayi. Yambani msanga!

Wina akuti, "Abusa, ndingochedwa pang'ono." Tamvera! Malamulo a 2014 akuti ukakhala viza itatha kwa masiku osaposa 30, potuluka pa Beitbridge kapena pa OR Tambo amakuletsa kubwereranso kwa chaka chimodzi. Masiku akaposa 30, chiletso ndi zaka 5. Ndati zaka zingati? Zisanu! Taganizani: mwana watsala pang'ono kumaliza digiri, wathamangira kumudzi ku maliro a agogo ake, pofuna kubwerera chitseko chatsekeka. Ng'ombe zija bambo ake anagulitsa zalowa m'madzi.

Ndiye pali madobadoba amene amati, "Bweretsa pasipoti, tikudindira." Thawa, mwana wanga! Chidindo chabodza chimaoneka akangotsegula kompyuta, ndipo amene amamangidwa ndi iwe, osati dobadoba.

Inu makolo, mukaimba foni musamangofunsa za mayeso. Funsaninso kuti, "Kodi viza ikutha liti?" Ndalama ya medical aid muitumize nthawi ikadalipo.

Kupemphera tikupempherani ndithu, koma fomu mukalembe nokha. Usiku uno musanagone, tsegulani pasipoti, muwerenge chobwerera masiku 60, tsiku limenelo mulilembe pa khoma. Amen!