Mau Onenedwa pa Msonkhano: Za Cipani ca Herstigte Nasionale Party

Tikupemphani mutichere khutu pa mbiri ya cipani cacing'ono ca Mabuno ku South Africa, dziko limene anthu athu ambiri anakumbako golide.

M'caka ca 1969 Dr. Albert Hertzog anapatukana ndi Bwana Vorster, nayambitsa cipanici. Cimodzi mwa zodandaula zace cinali cakuti Boma linalola akazembe akuda, monga a ku Malawi, kukhala m'dzikomo ngati alendo olemekezeka.

Pa cisankho ca 1970 Hertzog ndi anzace atatu anataya mipando yao. Mu 1981, pomwe anali kucitsogolera Jaap Marais, cipanici cinalandira mavoti 14 mwa 100 ali onse, koma mpando ngakhale umodzi ai. Pakuti mavotiwo anamwazikana m'madera ambiri, ndipo m'dera liri lonse apambana mmodzi yekha. Mpando wa Sasolburg, umene anaupata mu 1985, unawapulumuka mu 1987, anthu ao ambiri atathawira ku cipani ca Treurnicht.

Abale, tilingalire bwino: cipani cimene ciri ndi mau amodzi okha, akuti “Takana,” cimaonda pakubwera wina wokana mofuula koposa. Ife posonkhana tidziwe cimene tifuna kumanga.