Mlandu wa chimbale cha "phokoso": mawu a membala pa msonkhano wa kalabu

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye sindizungulira.

Sabata yatha pa pologalamu ya nyimbo zakale munamva chimbale china chimene ena mwa inu munati ndi phokoso lokhalokha, ng'oma ngati matalala padenga la malata. Amene anapempha chimbalecho ndine, ndipo lero ndabwera kudzayankha mlandu wanga. Woimba ng'oma zija ndi a Louis Moholo-Moholo a ku South Africa, amene anatisiya pa 13 Juni 2025 ali ndi zaka 85.

Mkuluyu anabadwa mu 1940 ku Langa, komboni ya anthu akuda mumzinda wa Cape Town. Ali mnyamata analowa bandi ya jazi yotchedwa Blue Notes. Analipo asanu ndi mmodzi: Chris McGregor pa piyano, Dudu Pukwana ndi Nikele Moyake pa masakisofoni, Mongezi Feza pa lipenga, Johnny Dyani pa besi, iwo pa ng'oma. McGregor anali mzungu, enawo akuda, ndipo m'masiku a tsankho aja kuimba pamodzi chonchi kunali kuputa apolisi. Inu amene agogo anu anakagwira ku Joni pa Wenela, nkhani za chitupa munazimva pakhomo. Mu 1964 anyamatawa anaitanidwa kukaimba ku Antibes, m'dziko la France. Atatha kuimba anaona kuti kubwerera kwawo n'kubwerera m'khola, basi anatsalira ku Ulaya komweko, kenaka n'kukhazikika ku London.

Apa ndiye mutchere khutu. Moyake anadwala, anabwerera kumudzi, sanakhalitse. Feza anamwalira mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha. Dyani anatsatira mu 1986 ku Berlin. Mu 1990, chaka chomwe Mandela anatuluka m'ndende, McGregor ndi Pukwana anamwalira motsatizana, wina mu Meyi, wina mu Juni. Taganizani inu: khomo la kwanu latseguka, koma anzako onse amene unachoka nawo ali m'manda. A Moholo anatsala okha.

Wina akadapachika timitengo take. Iwo ayi. Chimbale choyamba chimene anatsogolera, Spirits Rejoice, chinali chitatuluka kale mu 1978. Anali ndi bandi yawoyawo, Viva La Black, imene anapita nayo kukaimba kwawo mu 1993. Anathandizanso kuyambitsa gulu lalikulu la Dedication Orchestra, ntchito yake kuimba nyimbo zimene anzawo omwalira aja anapeka, kuti zisafere limodzi ndi eni ake. Mu 2005 anabwerera kukakhala kwawo, patatha zaka zoposa 40, ndipo ng'oma sanazisiye ngakhale imvi zitadzaza mutu.

Amayi ena anandifunsa kuti, kodi munthu wokhala kumbuyo, chokhala pampando, angatsogolere bwanji bandi? Koma amayi, pa tchopa amalamula ndani? Ovina amaoneka kutsogolo, eetu, koma amatembenuka pamene ng'oma yawauza. Kusiyana kwake n'kwakuti a Moholo sankangosunga kagundidwe kamodzi ngati wotchi. Lipenga likalira iwo amaliyankha, likazizira amalikankha, pena amangokanda pang'ono n'kusiya mpata. Mukadzamvanso, musafunefune povinira. Mverani ngati akuluakulu akukambirana pabwalo, wina kudula mnzake mawu. Sindikuti muchikonde ayi. Inenso ulendo woyamba ndinatsitsa voliyumu.

Tsono chimene ndapemphera chimbalechi si Cape Town, ndi kuno kwathu. Paja ife tikati jazi timanena bandi za banjo, babatoni, ndi ng'oma ya chikopa yoponda ndi phazi, pamwamba pake tizitsekerero ta mabotolo pa waya. Malemu malume anga ankaimba ng'oma yotere kuno kunsi kwa phiri la Tumbine, ndipo bandi inali yawo: ndiwo ankasankha nyimbo, ndiwo ankagawa ndalama akachoka pa ukwati. Mu 1986, nkhondo itafika m'tauni muno, tinawoloka Muloza kuthawira ku Mulanje. Ng'oma ija inatsala, chifukwa pamutu panali ufa ndi mapoto. Ku Malawi anapanga ina, ankaimba m'misika. Mtendere utabwera mu 1992 anthu n'kuyamba kubwerera, anzawo awiri a m'bandi sanabwerere nawo. Malume anaimbabe mpaka manja anayamba kunjenjemera. Lero mukandifunsa nyimbo yawo imodzi, ndilibe, ngakhale pa kaseti. Ndipo mlandu umenewu ndi wanga, chifukwa wailesi ya kaseti ndinali nayo, ndinkangoti mawa.

A Daniel ndi a Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka timawamvabe, ngakhale wina anamwalira mu 1987, wina mu 2001. Chifukwa chake n'chakuti anajambulidwa. A Gerhard Kubik anayamba kuwajambula mu 1967. Ife tidikire mlendo wochokera ku Austria pamene foni zojambula mawu zili m'matumba mwathumu?

Ndiye pempho langa, a tcheyamani, nali. Membala aliyense akafufuze m'mudzi mwake nkhalamba imene inaimbako m'bandi, makamaka a ng'oma, poti iwowa ndi amene amaiwalika msanga. Tikapite awiriawiri, tiyambe taonekera kwa amfumu, tipemphe chilolezo kwa mwini wake, ndipo tisapite chimanjamanja. Tikajambule nyimbo ndi mbiri yomwe: anaphunzira kwa yani, chikopa ankachifutsa bwanji, ankaimba kuti. Kenaka kalabu ilembe kalata ku wailesi yathu kupempha mphindi 15 pa sabata. Ine ndayamba kale kulankhula ndi agogo ena a kufupi ndi msika, avomera Loweruka likudzali masana. Ndikufuna munthu mmodzi wa foni yosunga moto kuti tipitire limodzi. Akweze dzanja alembi alembe dzina.