Wobwera ndi Impso Yatsopano Asazondedwe ndi Wachifuwa



Wodwala impso amene wakhala zaka pa makina osefa magazi, monga a pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, akapita ku India n'kukaikidwa impso ina, amabwerako nkhope ili yowala. Abale amayesa kuti mavuto atha. Komatu thupi limaona impsoyo ngati mlendo wosaitanidwa, choncho madokotala amam'patsa mankhwala ofooketsa chitetezo, monga tacrolimus, kuti lisaikane. Amamwa moyo wake wonse, ndipo pa miyezi 6 yoyambirira, pamene mlingo uli waukulu, matenda amam'gwira mosavuta.

Apa mwambo wabwino wozonda odwala ukhoza kusanduka msampha. Mlendo wotsokomola angam'siyire TB m'chipinda chotsekedwa mazenera chifukwa cha chisanu cha mu Juni. Wotereyu apereke moni pafoni. Wodwalayo azimwa madzi owiritsa ndi kugona m'neti.

Thupi likangotentha, ngakhale pang'ono, asam'gulire panado pagolosale. Apite naye ku Mzuzu Central tsiku lomwelo, atanyamula makalata a opaleshoni, ndipo mankhwala aja asawasiye dokotala asananene.