DUWA LA M'MAPIRI LIMENE MUZU WACE UPHA



Mvula ikakhazikika m'mwezi wa December, m'mapiri ndi m'thengo mumaphuka duwa lina lofiira ndi lacikasu, looneka ngati malawi a moto. Azungu alicha flame lily, ndipo akatswiri a zomera alicha Gloriosa superba. Kale analiwerengera m'banja la maluwa ochedwa lily, koma tsopano analipatula. Kulizindikira sikubvuta. Tsamba liri lonse liri ndi nsonga yopotana imene igwira udzu ndi zitsamba, ndipo comeraci cikwera ndi nsonga zomwezo. Duwa lace liri ndi timasamba 6 topindikira m'mwamba.

Kukongola kwace sikukanika ai. Ku Zimbabwe ndilo duwa la dziko, ndipo m'caka ca 1947 ana a ku Southern Rhodesia anapatsa Princess Elizabeth mphatso ya diamondi yopangidwa monga duwa limeneli.

Koma coopsya ciri pansi. Muzu wace ndi wonenepa, woyera m'kati, kawirikawiri wa mphanda, ndipo munthu wosadziwa angauyese cilazi kapena mpama. Uli ndi ululu wochedwa colchicine, umene ulinso m'njere ndi m'masamba. Kuphika sikuuthetsa. Ku Sri Lanka ndi ku India anthu anafa ataudya pouyesa cilazi. Tsono kuno duwali liphuka pa nyengo yomwe nkhokwe zacepa, pamene ena apita kuphiri kukakumba mizu, monga anacitira ambiri pa njala ya 1949.

Munthu akaudya, popita maola owerengeka amva kutentha m'kamwa ndi pakhosi, nayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba kwambiri. Cimene cinyenga abale ndi ici: tsiku lotsatira wodwala ena aoneka ngati apeza bwino, pamene ululu ulikuononga magazi, impsyo ndi mtima. Amene apulumuka, tsitsi lao limathothoka patapita sabata imodzi kapena ziwiri, koma limeranso.

Cifukwa cace wodwala wotere asagonekedwe m'mudzi kuyembekeza mawa. Anyamulidwe kunka kucipatala tsiku lomwelo, ndipo abale atenge cidutswa ca muzuwo kuti dokotala acione. Nzoona kuti ku India alima comeraci, natenga m'njere zace mankhwala a nthenda ina yotupitsa mfundo za mafupa, koma muyeso wace ndi waung'ono ndithu, wosatheka kuyesa ndi cipande ca kunyumba.

Aphunzitsi acita bwino kuturuka ndi ana mwezi wa January, duwa likali poyera, kuwasonyeza tsamba lopotanalo, ndi kukumba muzu umodzi kuti onse auone. Wokumbayo asambe m'manja ndi sopo asanadye.