KUZINDIKIRA TIZIROMBO NDI MAONEKEDWE AKE

Kwa aphunzitsi: Phunziro lisanayambe, jambulani pa bolodi ciwala, kangaude ndi bongololo. Mwana aliyense akhale ndi buku ndi pensulo. Ngati nkotheka, bweretsani ciwala camoyo m'botolo loonekera mkati, ndipo muboole timabowo pa citsekerero cake.



Lero tikambirana za tamoyo ting'onoting'ono timene timapezeka m'nyumba, m'khola, m'munda ndi m'chire. Anthu amatichula tonse ndi dzina limodzi lakuti tizirombo, ndipo ambiri amaganiza kuti tonse ndi toipa. Koma pakati pa tizirombo pali adani amene amadwalitsa anthu ndi kudya cimanga, palinso abwenzi amene amathandiza mlimi kuti akolole. Munthu wosatha kusiyanitsa awiriwa amapha bwenzi nasiya mdani. Maina a tizirombo amasiyana malinga ndi dera, koma thupi la kacirombo ndi limodzimodzi ku Lundazi ndi ku Lusaka. Cotero tiphunzira kukazindikira poyang'ana thupi lake.

Akuluakulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Mukapeza kacirombo musafulumire kukaponda, ndiponso musakagwire ndi manja. Imani, mukayang'anitsitse, ndipo mudzifunse mafunso atatu.

Funso loyamba ndi ili: kali ndi miyendo ingati? Yang'anani ciwala cija pa bolodi, ndipo muwerenge pamodzi ndi aphunzitsi anu. Mwapeza miyendo isanu ndi umodzi (6), itatu mbali iyi, itatu mbali inayo. Nyerere, njuci, mphemvu, nsikidzi, udzudzu ndi gulugufe nazonso ziri ndi miyendo 6. Gulu limeneli m'mabuku a Cingerezi limachedwa insects, ndipo ndilo lalikulu koposa, pakuti akatswiri analemba kale mitundu yake pafupifupi 1,000,000.

Tsopano werengani miyendo ya kangaude. Iri isanu ndi itatu (8). Abale ake ndi nkhupakupa ndi cinkhanira, cimene ena amati kalizi. Zopanira ziwiri zimene ziri kutsogolo kwa cinkhanira musaziwerengere pamodzi ndi miyendo. Nkhupakupa ikangoswa dzira imakhala ndi miyendo 6, ndipo iwiri yotsalayo imabwera ikafundula koyamba.

Nanga bongololo, amene ambiri muno amati congololo? Miyendo yake ndi yosawerengeka msanga, conco yang'anani mphindi imodzi yokha ya thupi lake. Pa mphindi iriyonse pali miyendo inayi. Namkalizi ali ndi miyendo iwiri yokha pa mphindi iriyonse, thupi lake ndi laphanthiphanthi, amathamanga kwambiri, ndipo amaluma ndi ululu. Bongololo amayenda pang'onopang'ono, akaopsedwa amadzipinda ngati nkhata, ndipo cakudya cake ceniceni ndi masamba oola.

Funso laciwiri: thupi lake lagawika pangati? Ciwala ciri ndi mutu, cifuwa ndi mimba. Miyendo yonse ndi mapiko zamera pa cifuwa, ndipo pamutu pali tinyanga tiwiri tonunkhizira ndi kukhudzira zinthu. Kangaude ali ndi zigawo ziwiri zokha, alibe tinyanga, alibenso mapiko. Nkhupakupa imaoneka ngati ya cigawo cimodzi, ndipo ikakhuta magazi imafanana ndi njere ya nsatsi. Muiyang'ane m'makutu a ng'ombe, cifukwa nkhupakupa yofiirira yokhala m'menemo ndiyo imafalitsa cigodola, nthenda imene imapha ana a ng'ombe ambiri kuno kum'mawa.

Funso lomweli limatithandiza kusiyanitsa nyerere ndi ciswe. Nyerere iri ndi ciuno copyapyala ngati yamangidwa ndi ulusi, ndipo tinyanga take ndi topindika ngati cigongono. Ciswe ciribe ciuno, ndipo tinyanga take ndi toongoka ngati mikanda ya pa cingwe. Inswa zimene timagwira mvula ikayamba ndi ciswe ca mapiko, cimene catuluka m'culu kukayambitsa mudzi watsopano.

Funso lacitatu: mapiko ndi angati, nanga amapindidwa motani? Njuci, mavu, gulugufe, tombolombo ndi ciwala ali ndi mapiko anayi. Cikumbu naconso ciri ndi anayi, koma awiri apamwamba ndi olimba ngati cikamba, ndipo amabisa awiri oulukira. Nchenche, udzudzu ndi kashembe ali ndi mapiko awiri okha.

Pali msampha umodzi umene umakola ana ambiri. Mbozi imaoneka ngati ya miyendo yambiri, ndipo wina angaiike pa gulu la bongololo. Yang'anitsitsani kufupi ndi mutu. Mudzaona timiyendo 6 tosongoka, ndipo imeneyo ndiyo miyendo yeniyeni. Tinato ta kumbuyo ndi tizigwiriro ta mnofu togwirira tsamba. Mbozi ndi mwana wa gulugufe, kapena wa abale ake ouluka usiku.

Tsono tiyeni tigwiritse nchito maso athu pa adani atatu.

Woyamba ndi udzudzu. Si udzudzu wonse umene umapatsa malungo. Wa malungo dzina lake ndi Anopheles, ndipo umadziwika ndi kateredwe kake. Ukatera pa khoma umaweramitsa mutu ndi kutukula mimba, kotero kuti thupi lonse limaima copendekeka ngati kamsomali kokhomedwa mopendama. Mapiko ake ali ndi timawanga takuda ndi toyera. Udzudzu wina wochedwa Culex, umene umaswana m'madzi onyansa a m'ngalande, umatera thupi lake litagona molingana ndi khoma. Ana ao nawonso amasiyana. Mukasuzumira m'cithaphwi, mwana wa Anopheles amagona copingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, pamene mwana wa Culex amalendewera cozondoka, mutu pansi. Woluma ndi waukazi wokha. Wamphongo umamwa madzi a maluwa, ndipo tinyanga take ndi ta ubweya wambiri ngati nthenga.

Kusiyanitsa kumeneku kunapulumutsa anthu osawerengeka. Dokotala wina dzina lake Ronald Ross, amene anali kugwira nchito ku India, anatha zaka ziwiri akupima udzudzu wa mitundu ina osapezamo cimene anali kufuna. M'caka ca 1897 anapima udzudzu wa mapiko amawanga, ndipo m'mimba mwake anapezamo kacirombo ka malungo. Inu mukaona ana a Anopheles m'mapondero a ng'ombe kapena m'maenje oumbira njerwa pafupi ndi sukulu, uzani aphunzitsi kuti maenjewo akwiriridwe. Usiku gonani m'neti, ndipo thupi likatentha pitani ku cipatala tsiku lomwelo kuti akapime magazi.

Mdani waciwiri ndi kashembe, amene amapezeka m'cigwa ca Luangwa ndi m'machire ozungulira nkhalango ya Kafue. Ndi wotuwa mofiirira, ndipo amaposa nchenche ya m'nyumba pang'ono. Zizindikiro zake ndi ziwiri. Akatera amasanjikiza phiko lina pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka, pamene nchenche zina zoluma ng'ombe zimatera mapiko ali otang'adza. Caciwiri, mlomo wake wolasira umaloza kutsogolo ngati singano. Mukapeza kashembe wakufa, yang'anani phiko lake ndi galasi lokuza zinthu. Pakati pa phiko mitsempha yajambula cithunzi ca kankhwangwa.

Kashembe amaluma masana, wamphongo ndi wamkazi yemwe. Amapatsa ng'ombe nthenda yoondetsa, ndipo anthu amawapatsa kaodzera. M'caka ca 1912, madokotala awiri, Allan Kinghorn ndi Warrington Yorke, anatsimikiza ali m'cigwa ca Luangwa comweci kuti kashembe wa kumeneko ndiye amanyamula kaodzera kucokera ku nyama za m'chire. Iye amakopeka ndi nsalu ya buluu ndi yakuda, ndico cifukwa cake misampha yake imapangidwa ndi nsalu zoterozo. Mukaona nsalu zimenezi zitaimikidwa m'chire, musazicotse.

Mdani wacitatu ndi mlendo. Makolo athu anali kudziwa kapuci, mbozi yoboola phesi la cimanga, ndi nchemberezandonda, mbozi zakuda zoyenda cigulu m'maudzu. Koma kuciyambi kwa caka ca 2016 mbozi ina yocokera ku America inaoneka kumadzulo kwa Africa, ndipo pofika kumapeto kwa caka comweco inali italowa m'minda ya cimanga muno m'Zambia. Alangizi a zaulimi amaichula fall armyworm. Pamutu pake pali cizindikiro coyera conga mphanda ya legeni yozondoka. Kufupi ndi kumcira, pamsana, pali madontho anayi akuda oyalana ngati ngondya zinayi za bokosi. Mukaona zonse ziwiri, ndi imeneyo. Imabisala m'nsonga mwa cimanga, momwe masamba atsopano amatulukira, ndipo imasiya zitosi zonga utuci. Mazira ake amakhala pa tsamba mounjikana, atakutidwa ndi ubweya wotuwa. Cimanga cikamera, yendani m'munda wa sukulu kawiri pa sabata. Mazira ndi mbozi zazing'ono muziphwanye, ndipo muuze aphunzitsi kuti adziwitse alangizi. Mankhwala opopera ndi a akulu okha. Mwana asawakhudze.

Tisaiwale abwenzi. Njuci ikamayenda pa maluwa a maungu ndi mpendadzuwa imanyamula ufa wa duwa lina kukausiya pa linzake, ndipo mbeu zimabereka bwino. Kacikumbu kofiira konyezimira ka madontho akuda kamadya nsabwe za pa masamba a repu ndi kabici. Mwana wake ndi wakuda, wa timinga, wooneka ngati kang'ona, ndipo anthu amamupha pomuyesa mdani pamene iyenso amadya nsabwezo. Mavu amanyamula mbozi m'munda kukadyetsa ana ao. Ciswamphika cimagwira ziwala ndi miyendo yake ya kutsogolo. Tombolombo amadya udzudzu mumlengalenga, ndipo ana ake amadya ana a udzudzu m'madzi. Munthu wopopera mankhwala mwacisawawa amapha onsewa, ndipo mbozi zikabweranso zimapeza munda wopanda mlonda.

Kumbukirani mafunso atatu aja: miyendo, zigawo za thupi, mapiko. Cimene simucidziwa mufunse kwa aphunzitsi, kwa alangizi ndi kwa agogo anu, pakuti safunsa anadya phula. Tsalani bwino, ana inu, mpaka tidzakumanenso.

Zocita pambuyo pa phunziro

1. Gawani tsamba la buku lanu patatu: miyendo 6, miyendo 8, miyendo yambiri. Lembani maina a tizirombo tonse timene mwamva lero pa malo ake oyenera.

2. Jambulani udzudzu wa Anopheles ndi wa Culex utatera pa khoma.

3. Pamodzi ndi aphunzitsi, tungani madzi a m'cithaphwi m'botolo, mutseke ndi kansalu, ndipo muone magonedwe a ana a udzudzu. Mukatha, tayani madziwo pa dothi louma.

4. Funsani akulu kwanu maina a tizirombo tisanu timene sitinachulidwe lero. Mubwere nao maina amenewo ku kalasi, kapena ku kalabu ya Chongololo ngati iripo pa sukulu panu.

Kwa aphunzitsi: Ana agwiritse nchito kamtengo ndi botolo potola tizirombo. Asagubuduze miyala ndi manja, asayandikire cisa ca mavu kapena njuci, ndipo asambe m'manja akamaliza. Tizirombo tothandiza mutibwezere kumene munatitenga.