Utsogoleri M'nyengo ya Makompyuta: Zomwe Ndidatola ku Mangochi

Awa ndi mau amene adayankhula mnzathu wina, yemwe akugwira ntchito m'boma, pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale ku Chikwawa. Tawasindikiza kuti amene sadabwere amve nawo.



Ndikuthokoza komiti pondipatsa mpata woima pamaso panu. A Mlembi adandipempha kuti ndifotokoze zomwe ndidatola ku msonkhano wa akatswiri a makompyuta ndi mafoni, umene bungwe la ICT Association of Malawi limachititsa kunyanja ku Mangochi. Adandipempha chifukwa bungwe lathu lino lili pakati posonkha ndalama zogulira sukulu yathu makompyuta, ndipo ndi bwino tidziwe chimene tikusenza tisanachiike pamutu.

Ine si katswiri wa makina. Ntchito yanga ndi ya mafayilo, malipoti ndi misonkhano, ndipo ku Mangochi ndidapita ngati wogula amene akufuna kumvetsa katundu. Zidakambidwa zambiri: intaneti yothamanga, makina oyankha mafunso ngati munthu, ndi mbava zoba kudzera pa foni. Koma chimene ndabwera nacho n'chimodzi. Kompyuta imakulitsa chimene yapeza pamalo. Ikapeza ofesi yadongosolo, ntchito ya mwezi imatha tsiku limodzi. Ikapeza ofesi ya chisawawa, chisawawacho chimathamanganso. Choncho nkhani ya makina ndi nkhani ya utsogoleri, ndipo umboni wake sitikautenga ku Ulaya ayi, uli konkuno kwathu.

Tiyambe ndi chimene tidachita bwino. M'chaka cha 2017 boma, kudzera ku nthambi ya National Registration Bureau mothandizana ndi UNDP, lidalemba m'kaundula Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Nonse mudaona anyamata ndi atsikana aja atakhala pansi pa mitengo ndi m'makalasi, akujambula nkhope ndi kudinda zala. Makina awo adali otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, chifukwa amene adakonza ntchitoyo adadziwa kuti kumidzi kulibe magetsi. Dziko adaligawa m'zigawo, ndipo amatsiriza kwina asanapite kwina. Mafumu adaitanidwa kudzachitira umboni anthu awo. Makina adalipodi, koma ntchito idatheka chifukwa panali anthu amene adadziwa chimene akufuna, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, ndi munthu woyankha zinthu zikalakwika. Lero chiphaso chija ndi chimene mumaonetsa ku banki, polembetsa nambala ya foni, ndi polembetsa mavoti.

Tsopano tione mbali inayo. Boma lidakhazikitsa makina oyendetsera ndalama zake otchedwa IFMIS m'chaka cha 2005, ndi cholinga chotseka mipata ya kuba. Mu September 2013 zidaululika kuti ndalama zimatuluka ku Capital Hill kupita ku makampani amene sadagulitse boma ngakhale pensulo imodzi, ndipo ena amalowa m'makinamo n'kufufuta zosonyeza kuti ndalamazo zatuluka. Ofufuza a Baker Tilly a ku Britain adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi. Mayiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu. Kompyuta sidabe ndalama. Adaba ndi anthu amene adali ndi mau achinsinsi olowera m'makinamo, pamene owayang'anira samafunsa kuti walowa ndani, nthawi yanji, ndipo wachitamo chiyani.

Ndikuwapempha anzanga amene ali pa maudindo, kaya m'boma, ku Illovo ku Nchalo, kumpingo kapena m'mabungwe, kuti asiye chizolowezi chopatsa mlembi mau awo achinsinsi kuti awavomerezere malipiro iwo ali kumaliro. Mau achinsinsi ndi siginecha yanu. Kale simukadapereka chidindo cha ofesi kwa munthu wina n'kupita kumudzi sabata yathunthu. Bwanji lero mukupereka chinthu choposa chidindo? Mtsogoleri sayenera kudziwa kukonza kompyuta, koma ayenera kudziwa anthu amene ali ndi makiyi, kuwawerenga, ndi kulanda kiyi kwa aliyense amene wasamutsidwa kapena wapuma pantchito tsiku lomwelo.

Nkhani ya makiyi ili ndi mutu wina. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo mu February kuti makinawo adalowedwa ndi anthu amene amafuna dipo. Ophunzira opita kunja, amalonda, odwala ofuna chithandizo ndi achibale athu opita ku Johannesburg adangoti kakasi. Phunziro lake likutikhudza tonse amene timasainira mapangano ogula makina. Pogula, funsani kuti wogulitsayo akachoka, adzatsala ndani wodziwa kuyendetsa chinthuchi? Nanga zolembedwa zathu zasungidwanso pena? Munthu amene wamanga nyumba n'kusiya makiyi onse kwa mmisiri ndi mlendo m'nyumba yake yomwe.

Pamsonkhano wa kunyanja anthu amayankhula ali m'chipinda chozizira bwino, magetsi ali ngwee, intaneti ikuyenda. Ife a m'chigwa cha Shire tiyenera kuyesa chilichonse chimene tamva ndi muyeso wathu. Kalembera wa 2018, amene adachitika pa timakina ta m'manja, adapeza kuti Chikwawa ili ndi anthu oposa 560,000 ndipo Nsanje ili ndi anthu pafupifupi 300,000. Kalembera yemweyo adapeza kuti m'dziko lonse ndi mabanja 11 okha pa 100 alionse amene amaunikira ndi magetsi. Mu January 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira m'boma lathu lomwe lino, ndipo dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, kufikira mu 2023. Mu March 2023 namondwe Freddy adapha anthu oposa 600, ena oposa 500 n'kusowa, misewu ndi milatho n'kuduka. Pa masiku ngati amenewo foni imatha moto, nsanja ya netiweki imazima, ndipo munthu wa ku Makhuwira kapena ku Makhanga amatsala ndi wailesi ya mabatire, mluzu wa komiti ya m'mudzi ndi bwato.

Sindikunena kuti tisiye makina chifukwa kwathu kumasefukira madzi. Ndikunena kuti walira mvula walira matope. Amene akufuna makina akonzekerenso tsiku limene makinawo adzazime. Uthenga wochenjeza za madzi ukachoka ku nthambi ya zanyengo n'kufika pa foni ya a DC, ntchito yangoyamba kumene. Imatha pamene mayi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Mwanza wanyamula ana n'kukwera kumtunda. Pakati pa foni ija ndi mayi uja pali mfumu, mlangizi, mphunzitsi ndi mnyamata wa kabaza, ndipo mtsogoleri wabwino amawadziwa onsewo ndi mayina awo mvula isanayambe.

Tidaonanso zimenezi pa zipangizo zaulimi zotsika mtengo m'chaka cha 2020, pamene alimi amagula feteleza poonetsa chiphaso cha unzika. Maganizo adali abwino, chifukwa makuponi a mapepala amabedwa ndi kugulitsidwa. Koma m'malo ambiri netiweki imavuta, ndipo alimi amagona pamzere kudikira kuti makina avomere. Kwa munthu wa mu ofesi, netiweki yavuta ndi mau awiri a mu lipoti. Kwa mlimi ndi masiku atatu osalowa m'munda mvula itagwa kale. Musanalamule kuti kuyambira mawa zonse zizichitika pa makina, pitani nokha kumalo kovuta kwambiri m'dera lanu mukaime pamzere, muone ngati zikutheka.

Zinthu zimene zakhazikika bwino m'dziko muno ndi zimene zidayambira pa foni yomwe anthu ali nayo kale. Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo Mpamba wa TNM udatsatira mu 2013, potengera chitsanzo cha M-Pesa ya ku Kenya ya mu 2007. Ife amene tinkadikira ndalama ya fizi pa positi ofesi, kapena kuitumiza kudzera mwa kondakitala wa basi, tikudziwa kusiyana kwake. Lero mwana ali ku Blantyre amatumiza ndalama ya mankhwala kwa mayi ake ku Ngabu, ndipo imafika iye asanabwezere foni m'thumba. Chipatala Cha Pa Foni chidayambira ku Balaka mu 2011, munthu n'kumaimba 54747 kufunsa za umoyo, ndipo pambuyo pake Unduna wa Zaumoyo udachitenga kukhala chake. Zonsezi sizifuna foni yapamwamba kapena Chingerezi. Zidayamba ndi vuto limene anthu adali nalo, makina n'kubwera pambuyo.

Komabe foni yomweyo yabweretsa mbava zatsopano. Makolo athu akulandira mauthenga onena kuti apata mphotho, kapena kuti wina watumiza ndalama molakwitsa ndiye abweze. Malamulo alipo, la mu 2016 lokhudza zochitika pa makina ndi chitetezo chake, ndi la mu 2024 loteteza mbiri ya anthu, ndipo bungwe la MACRA lilipo. Koma lamulo silikhala pakhonde ndi agogo madzulo. Ndinu amene mudapita kusukulu. Mukapita kumudzi, khalani nawo pansi muwauze kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku kampani.

Pali chinanso chimene ndidaona ku Mangochi. Ambiri mwa amene amaonetsa zinthu zimene apanga adali achinyamata, ena ongotsiriza kumene maphunziro ku MUBAS, ku MUST ku Thyolo, ku Mzuzu ndi ku Zomba. M'maofesi athu mwana wotere timamutuma kukonza pulinta ndi kulumikiza mawaya pa msonkhano, koma pokambirana zogula makina a mamiliyoni timamusiya panja chifukwa giredi yake ndi yotsika. Chikatero timagula chinthu chimene sitikuchimvetsa. Safunsa adadya phula. Kufunsa mwana sikuchotsa ulemu wa bwana. Bwana amasankha ndi kuyankhapo, koma asankhe atamva kwa wodziwa, ngakhale wodziwayo ali msinkhu wa mwana wake.

Tsopano ndibwere pa nkhani yathu ya makompyuta a sukulu. Ambiri a ife tidachoka pano osakhudzapo kompyuta, ndipo tidakaiona koyamba ku koleji, tikuopa kuidina kuti ingaonongeke. N'chifukwa chake mtima wathu ukufuna kuti ana a lero asadutse momwemo, ndipo ndi mtima wabwino. Koma tonse taonapo m'sukulu zina makompyuta a mphatso atafundidwa nsalu, chipinda chili chokhoma, fumbi ndi kutentha kwa mwezi wa October zikuwadya, chifukwa palibe adaganiza za tsiku lotsatira mwambo wopereka.

Choncho ndikupempha komiti kuti tisanagule ngakhale kompyuta imodzi, tigwirizane zinthu izi. Choyamba, a Mphunzitsi Wamkulu ndi aziphunzitsi atiuze chimene akufuna kuti ana aziphunzira pa makinawo, ndi maola ake pa ndandanda ya maphunziro, ana aakazi ndi aamuna mofanana. Chachiwiri, tiphunzitse aziphunzitsi osachepera awiri, kuti wina akasamutsidwa chipinda chisatsekedwe. Chachitatu, mbali ina ya ndalama ipite ku magetsi a dzuwa ndi mabatire, ndipo chipindacho chikhale chopita mphepo, makina ali pamwamba pomwe madzi sangafike. Chachinayi, tipatule ndalama ya chaka ndi chaka yokonzera zoonongeka ndi kugula intaneti. Ndi bwino kugula makompyuta khumi amene adzagwira ntchito zaka zisanu kusiyana ndi makumi atatu amene adzafa chaka chisanathe. Chachisanu, zopereka zathu zizidutsa pa nambala imodzi ya bungwe kapena ku banki, osainira akhale atatu, ndipo Msungichuma azisindikiza m'kalata yathu ino ndalama zonse zolowa ndi zotuluka. Ngati tikufuna kuti boma lisunge bwino makiyi ake, tiyambe ndife ndi kathumba kathu kakang'onoka.

Ndikupemphanso anzathu amene amagwira ntchito za makompyuta, ndipo ndikuwaona angapo m'chipinda muno, kuti asangopereka ndalama. Apereke Loweruka limodzi pa teremu, atsike Thabwa adzakhale ndi ana ndi aziphunzitsi. Mwana wa ku Chapananga akaona munthu amene adagona m'hositelo yomweyi akumuonetsa mmene amalembera pulogalamu, adzakhulupirira kuti nayenso angathe.

Bambo Wapampando, ndatenga nthawi yaitali ndipo dzuwa la kwathu kuno silinyengerera. Mfundo zisanu zija ndazipereka kwa a Mlembi kuti tizikambirane tikatha kudya, ndipo ndikupempha kuti tisabalalike lero tisanasankhe anthu oziyendetsa ndi tsiku lodzatiuza pomwe afika.